Galu Akakuthamangira Usathawe, Takondwa

Takondwa mwana wanga,

Wapita kokatsanzika kwa anzako a kwaya, ndipo chikwama chako chili pamphasa apa, chotseka kale. Ine ndakhala pakhonde dzuwa lisanalowe kuti ndikulembere. Zimene ndikufuna kukuuzazi pakamwa sizituluka bwino. Ndikangoyamba, iwe umaseka n'kumati, "Amayi, nkhani za agalu zomwe zija?" Ndiye ndati ndilembe, ukawerengere m'minibasi momwe sungandidule mawu.

Mawa ukupita kusukulu ya unamwino ku Lilongwe. Ndanyadira, usakayike. Tsiku lomwe dzina lako linatuluka ndinavina pamsika mpaka anzanga ogulitsa nsawa anachita kundigwira. Koma malo ogona pasukulupo sunawapeze, choncho ukakhala kwa abambo ako, m'nyumba ya mkazi wawo uja, aNambewe. Mwana amene ndinamulera ndekha ndi beseni la nsawa pamutu azikadzuka m'mawa n'kumapereka moni kwa mkazi wina. Iyeyo ndiye adzakuone koyamba utavala yunifolomu yoyera. Ine ndidzaonera pa foni, ngati mudzakumbukire kunditumizira. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Manja a aNambewe ndi ochenjeradi. Sanachapepo thewera lako ngakhale limodzi, koma akulandira namwino wopsa kale.

Basi, ndisiye zimenezo. Ndimati ndikuuze za agalu.

Unandiuza kuti kuchoka kunyumbako kukafika pa siteji pali kamtunda, ndipo uziyenda wapansi m'mamawa. Kumalo ngati kumeneko, kwa mipanda ya njerwa ndi mageti achitsulo, anthu amamasula agalu usiku, ndipo kukacha ena amaiwala kutseka geti. A m'nyumba imeneyo sadzakuuza zimenezi, chifukwa msewu amauonera pa windo la galimoto. Adzakugulira nsapato, adzakupatsa chipinda chako chako, zimene ine sindinathe. Koma za agalu, mwana wanga, umvere ine. Zipsera za m'miyendo mwangazi umaziona ndikakwinya chitenje pochapa. Chilichonse chili ndi phunziro lake.

Choyamba ndinachipeza ku Ludzi ndili kamtsikana. Agogo ako anandituma kukapereka nyemba kwa azakhali anga, ndipo njira inkadutsa pakhomo pa bambo wina wosaka nyama. Galu wake dzina lake anali Dziwazako. Tsikulo anagona pansi pa nkhokwe. Atandiona anadzuka, n'kuuwa kawiri, mwaulesi ndithu, ngati munthu wongofunsa kuti ndani akudutsa. Ine mtima unangoti phwii, ndinataya nyemba, liwiro. Sindinafike n'patali pomwe. Ndinangomva kutentha pa katumba, ndili pansi. Mkazi wa mwini galuyo anatuluka ndi chikuni, n'kumuthamangitsa. Pondidzutsa anati, "Nanga iwe wathawiranji? Ameneyu ndi galu wa uzimba. Chilichonse chothawa amachiyesa gwape." Takondwa, usathawe. Miyendo idzakupempha kuti uthamange, koma uikanize. Palibe munthu amene amaposa galu liwiro, ndipo galu amene anangofuna kukuopseza, ukathamanga wamupatsa ntchito. Uime. Umutembenukire chammbali, manja uwatsitse, usawakupize. Usamuyang'ane m'maso, chifukwa kwa galu kumeneko ndi kuputa ndewu. Uziyang'ana cha kumapazi ake kuti uzimuona chimene akuchita. Ukafuna kulankhula, mawu achokere pansi pa mimba, okhuthala ngati a mwamuna: "Choka! Pita kwanu!" Osati kukuwa kwako kuja kumene umachita ukaona mphemvu. Akayamba kuzizira, uzibwerera chafutambuyo pang'onopang'ono. Msana usamupatse mpaka utafika patali.

Wamva? Usathawe.

Chachiwiri chinali cha matama anga. Nthawi imeneyo ndinali nditakwatiwa kumene, iwe usanabadwe. Abambo ako ankagwira ntchito yokonza mapepala a katundu wa mathiraki pa boda, ine ndinkapita ndi nsawa zokazinga kukagulitsa kwa madalaivala amene amagona pamzere kudikira kuwoloka. Ndinali nditaphunzira kuti galu wa m'mudzi ukawerama ngati ukutola mwala, amathawa yekha, poti miyala amaidziwa. Ndiye ndinkadziona katswiri. Tsiku lina m'mawa ndinadzera njira yachidule ya m'minda ya fodya. Inali nyengo ija agalu amayenda chigulu kutsatira wamkazi. Ndinawaona patali ndithu, ali pakati pa njira, ndipo nthawi yobwerera kukadzera kumsewu ndinali nayo. Koma ndinati, ine ndizungulire chifukwa cha agalu? Ndinawerama, sanasunthe. Ndinatola mwala weniweni n'kugenda. Unamupeza mmodzi m'nthiti, analira kwee, ndipo ena onse anatembenuka nthawi imodzi n'kundiyang'ana. Mwana wanga, sindinaonepo mano ochuluka chomwecho. Nsawa zonse zinamwazika. Chimene chinandithandiza n'chakuti beseni linatsala m'manja. Ndinaligwira kutsogolo, wina akalumpha amaluma chitsulo, ine n'kumabwerera mpaka msana unagunda mzati wa chigafa cha fodya, kuti asandizungulire kumbuyo. Wina anandipeza ndithu pabondo apa. Kenaka ndinamva mawu a mayi wina wa ku Zambia amene ankabwera ndi katundu wake pamutu: "Imwe amai, osathamanga! Imililani chabe!" Anatula katunduyo, n'kubwera ndi ambulera yake yaikulu. Ankaitsegula mwadzidzidzi, phaa, n'kuitseka, phaa, akuyenda molunjika agaluwo. Anabalalika ngati nkhuku zaona kabawi. Dzina lake sindinamufunse, mpaka lero ndimadandaula.

Uthenga utafika pa boda, abambo ako anasiya madalaivala ali chiimire ndi mapepala awo, n'kubwereka njinga kudzanditenga. Anang'amba malaya awo kumangira bondo langa. Njira yonse ankangoti, "Gwiritsa Nabanda, gwiritsa, usagwe." Abambo ako omwewa. Loweruka lake anawoloka kupita ku Chipata n'kukandigulira ambulera yofiira. Masiku ano manja amenewo amatsegulira aNambewe chitseko cha galimoto. Ndinaona ndi maso anga, sindikunena zomva. Mkazi amene sanamwazepo nsawa m'njira, amene bondo lake ndi losalala ngati la mwana.

Ndabwereranso komwe kuja. Pepa.

Chimene ndikunena ndi ichi: agalu ukawaonera patali, makamaka ali ambiri, sintha njira. Woloka msewu, bwerera, dikira anthu ena muyendere limodzi. Kuchedwa m'kalasi si imfa. Chigulu usachigende. Ndipo pakati pa iwe ndi mano a galu pazikhala chinthu nthawi zonse: chikwama, buku, juzi, chitenje, chilichonse. Akafuna kuluma, mupatse chimenecho alume. Chikwama tidzagula china, mwendo sagulitsa. Kumbuyo kwako kukhale khoma kapena mtengo. M'chikwama chako, pansi pa mabulangete, ndaikamo ambulera yatsopano. Uziyenda nayo ngakhale mu Okutobala kumwamba kuli mbee. Akakakuseka kumeneko kuti ndi zachimidzi, aseke. Komanso timawaya uto mumatseka nato m'makutu pomvera nyimbo, m'njira uzitichotsa. Galu amene ukumumva akubwera ndi wosavuta kusiyana ndi amene wangomuzindikira ali pachidendene.

Chachitatu unalipo, koma sungakumbuke. Unali kumbuyo kwanga, utangoyamba kumene kutchula mawu. Abambo ako anali atasamukira ku Lilongwe, akuti akatsogole kukakonza malo, adzatitenga. Ndinkadikira ndithu, wopusa ine, osadziwa kuti malowo akukonzera wina. Ndinkapita ku Mavwere kukathandiza amayi ako aakulu kukumba nsawa. Tikudutsa pakhomo pena, unaona tiana ta galu tikusewera pafupi ndi khitchini. Unayamba kudumphadumpha kumbuyoko, ukuloza, "Bubu! Bubu!" Masiku amenewo unkalira kwambiri kufuna abambo ako, ndiye nditamva ukuseka ndinati ndikusendeze pafupi uwaone bwino. Make wa tianato sindinamuone. Sanauwe n'komwe. Ndinangomuona ataima pakhomo pa khitchinipo, thupi lili gwa, mchira uli njo, ubweya wa pamsana utaima, milomo itakwinyika. Ndisanaganize kanthu anali pa ine. Ndinagwa. Sindidziwa mmene ndinakukokera kuchoka kumbuyo, koma ndinapezeka nditagwada, iwe uli pansi pa mimba yanga, mutu wanga uli pansi, manja ataphimba khosi. Anandiluma pantchafu n'kugwiritsa. Thupi lonse linkandiuza kuti koka mwendo, koma ndinadziwa kuti ndikakoka ang'amba mnofu, ndipo ndikadzuka akupeza iwe. Ndinangokhala duu ngati chitsa. Ndinkamva mpweya wake wotentha, ndinkamvanso kamtima kako kakugunda pa chifuwa changa. Ataona kuti chinthucho sichikusuntha, anandisiya n'kubwerera kwa ana ake. Iwe unatuluka wopanda ngakhale kokandika, mkamwa muli dothi basi.

Ukadzakhala pa tebulo la aNambewe ukudya ndi foloko, udzakumbukireko kuti pali munthu wina amene anakuphimbapo ndi thupi lake. Sindikuwerengera, ayi. Ndikungonena.

Ndiye usunge izi. Galu wouwa kwambiri nthawi zambiri amangokuchenjeza. Woopsa ndi wachete, wouma thupi. Woyamwitsa, amene akudya, womangidwa pa tcheni ndi wodwala, onsewa uwatalikire, ngakhale tiana take tikongole bwanji. Ndikukudziwa iwe, mtima wako ndi wofewa pa tinyama. Ndipo zikadzavuta mpaka wagwa, usagubuduke, usaponde miyendo m'mwamba. Dzipinde ngati bongololo, mawondo kumimba, manja ateteze khosi ndi makutu, nkhope pansi. Ukhale chete.

Kulakwitsa kwanga kwa tsiku limenelo sikunathere pomwepo. Eni galuyo anabwera akupepesa, n'kumeta ubweya wake pang'ono, kuuwotcha, n'kupaka phulusalo pabala. Anati ndiwo mankhwala ake, ndipo ine ndinavomera. Ndinamanga kansalu n'kupita kumunda ngati palibe chachitika. Patapita masiku awiri mwendo unali utatupa ngati mtondo. Amayi ako aakulu anandikweza pa ngolo kupita kuchipatala. Namwino amene tinamupeza anali mtsikana wamng'ono kwa ine, koma anandikalipira ngati mwana wake. "Mayi, mukufuna mwana uyu aleredwe ndi ndani? Galu akakulumani, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, nthawi yaitali, mpaka mutatopa. Kenako bwerani kuno tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonekera, ife tilibe chochita." Ndinabayidwa majakisoni onse amene anandiuza, osadumpha. Ndinali ndi mwayi. Bambo wina wa ngolo kwathu ku Ludzi, munthu wamphamvu zake, anangokandidwa pachala ndi kagalu kake komwe. Anaseka, anati kameneka n'kamwana. Patapita miyezi anayamba kuopa madzi, ndipo mmene anafera sindikufuna kulemba pano. Zimenezi ukaziphunzira bwino kusukuluko kuposa ine, koma anthu odziwa ndi amene amanyozera zikakhala pathupi pawo. Bala ndi bala, ngakhale lichepe.

Namwino uja ndinamuyang'anitsitsa tsiku lija, nsapato zake zoyera, kawotchi kali pachifuwa. Ndinamusirira kwambiri. Inenso ndinkakhoza m'kalasi, Takondwa, funsa aliyense ku Ludzi. Ndinalekera sitandade eyiti. Ndiye ukandiona mawa nkhope yanga isakumasuka bwino, usadabwe. Mwina nawenso ndikukuchitira kansanje pang'ono. Ukupita kumene ine ndinkafuna kupita. Mayi amaloledwa kunyadira ndi kusirira nthawi imodzi, udzaziona wekha.

Chomaliza chilibe chipsera choti ungachione. Ndi cha mwezi wathawu, pamene tinapita limodzi ku Lilongwe kukaona kumene uzikakhala. Kanali koyamba kuti ine ndiime pageti limenelo. Ndinavala chitenje changa chatsopano, ndinanyamula nsawa ndi nkhuku, kuti asanene kuti amake mwanayu anabwera chimanjamanja. Geti litangotseguka, kunatuluka chigalu chachikulu ngati thole, chakuda, chikubwera molunjika ife. Ine ndi ukatswiri wanga wonse uja ndinasokonezeka. Ndinakukankhira kumbuyo kwanga n'kuwerama ngati ndikutola mwala. Kumeneko kunali kulakwa. Agalu a kumpanda sanagendedwepo, mwala saudziwa. Ukawerama wangowayandikizira nkhope. Chinawonjezera liwiro. Ndinati basi, lero ndiye lero, bola chiyambe ine. Pamenepo iwe unatuluka kumbuyo kwanga, n'kunena mosatekeseka, "Rekisi! Khala pansi!" Ndipo chinakhaladi pansi. Chinayamba kupukusa mchira, chikunyambita manja ako, chikulira ngati mwana amene waona make akuchokera kumsika.

Galu sanama, mwana wanga. Galu sapukusira mchira mlendo chomwecho. Ndinadziwira pomwepo kuti maulendo aja a kwaya, ndi aja unkati mukupita kukaona sukulu ndi aphunzitsi, ena ankathera pakhomo limenelo. Sindinakufunse tsiku lija, ndipo m'minibasi pobwerera unkaganiza kuti ndagona. Sindinagone.

Kenaka anatuluka aNambewe, akupukuta m'manja. "Pepani mayi, pepani kwambiri, ameneyu saluma. Tako, mwana wanga, alowetse amayi m'nyumba." Iwe n'kuyankha kuti, "Chabwino, mami." Unalandira nkhuku m'manja mwanga n'kulunjika nayo kuseri, osafunsa njira. Unkadziwa pamene pamakhala makapu. Ndinakhala pa sofa paja, tiyi ali m'manja. Ndinkafunitsitsa mkaziyo atandinyoza, atandiyang'ana kumapazi, kuti ndipeze pomudera. Koma anandigwadira pondipatsa madzi osamba m'manja. Anati, "Mayi, mwalera bwino. Mwanayu ndi waulemu." Ndinayankha kuti zikomo. Ndikanati chiyani? Galu wolusa ndimadziwa pomuimira. Munthu wokoma mtima amene akukutengera mwana, sindidziwa kuti umamutani.

Sindikukuletsa kuwakonda abambo ako. Ndi abambo ako, ndipo kuwafuna sunalakwe. Chinandipweteka n'chakuti galu anadziwa zimene ine mayi ako sindinkadziwa. Ukanandiuza, ndikanakalipa tsiku limodzi, mwina awiri, kenako ndikanakukazingira nsawa za paulendo.

Koma pamenepanso pali phunziro, ndipo usaliphonye chifukwa cha madandaulo angawa. Rekisi amakudziwa, koma agalu a mipanda ina yonse ya mumsewu umenewo sakudziwa. Usatenge chizolowezi cha galu mmodzi n'kumayesa kuti onse ndi abale ako. Ndipo mawu akuti "saluma" usawakhulupirire. Mwini galu aliyense amatero. Eni ake a galu wa ku Mavwere uja ananenanso chimodzimodzi, magazi ali chuchuchu pamwendo panga. Galu saluma mwini wake, basi. Masiku oyambirira uyende ndi anthu, uone mageti amene amakhala otsegula, udziwe agalu amene amagona panja. Ukaona wina akuyenda mwachilendo, dovu lili chuchu, akuluma zilizonse, lowa pakhomo lililonse lapafupi ngakhale usakuwadziwa eni ake. Manyazi amapola msanga.

Ndibwerezenso, poti ndimakudziwa umawerenga mothamanga. Usathawe. Usakuwe. Usamuyang'ane m'maso. Ika chinthu pakati. Ukagwa, dzipinde. Sopo ndi madzi, kenaka kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsopano pali chinthu chimodzi chimene ndakhala ndikuchizungulira kuyambira pamwamba pa kalatayi. Cholembera ndachiika pansi kawiri. Mulungu aletse, koma zikadzachitika kuti galu wakuluma kumeneko, usadzayambe kuimbira ine. Ine ndili kuno ku Mchinji, chimene ndingachite ndi kulira n'kuyamba kusaka minibasi. Usadzabisenso poopa kuvutitsa anthu a m'nyumba ya eni. Udzathamangire kwa aNambewe. Ali pafupi, ali ndi galimoto, ndipo ndinawaona m'maso tsiku lija, sadzakusiya. Udzawalole akutsuke balalo, akugwire dzanja pobayidwa jakisoni. Ukadzafuna kuwaitana kuti mami pa nthawi imeneyo, udzawaitane. Ndalemba, ndawayang'ana mawuwa, ndafuna kuwafufuta, koma ndawasiya. Kuli bwino ukhale wamoyo m'manja mwa mkazi amene ndimamuchitira nsanje kusiyana n'kuti ndikhale nawe ndekha kumanda.

Koma mukadzatuluka m'chipatalamo, udzandiimbire. Iweyo, ndi pakamwa pako. Ndisadzamvere kwa wina.

Ndikukumva ukubwera kumsewuko ndi anzako, mukuimba, ndiye ndilekere pano usanandipeze maso ali ofiira. Mawa chikwama chako ndisenza ndine mpaka pa siteji. Wina aliyense asachikhudze.

Yenda bwino, mwana wanga. Mulungu akutsogolere m'misewu imene ine sindiidziwa.

Ndine mayi ako wokubala,
Nabanda